Zitsulo Zimene Tinasungunula pa Chileka

1

Dzina langa ndine Maness. Ndimakhala ku Chileka, kuseri kwa bwalo la ndege, kumene ana amadziwa kuloza ndege asanadziwe kutchula dzina la bambo awo. Nkhani yangayi ndaisunga mumtima mpaka yayamba kundifumbula ngati nankafumbwe m'chimanga, ndiye ndati ndiitule kwa inu owerenga.

Mwamuna wanga, Dyton, ndi munthu wa zitsulo. Nthawi imene ndikunenayi ankagwira ntchito pa kakampani kena ka tindege topopera mankhwala m'minda ya nzimbe. Ntchito yake inali kudula malata a ndege, kupinda, kuboola ndi kulumikiza. Amuna ena amakopa mkazi ndi mawu otsekemera. Wanga anandikopa ndi ulaliki wa aluminiyamu, ndipo ulalikiwo sunathere pa tsiku la ukwati.

"Mukumuona potoyu, Maness?" ankatero, akugogoda poto wanga ndi chikhadabo. "Ameneyu ndi aluminiyamu waulesi. Ukam'pinda wapindika basi, sabwerera."

"Nde mukufuna ndiziphikira m'ndege?"

"Wa mapiko a ndegeyo ndiye simungamuthe. Ndi wolimba koopsa, koma wamakani. Ukam'pinda kwambiri amang'aluka, ukati umuwotcherere amakana, akakumana ndi mchere amachita zilonda. Palinso wa mapisitoni a galimoto, wokoma kusungunula, koma ukam'panikiza amasweka ngati mbale yadothi. Chitsulo chilichonse chili ndi ntchito yake, mayi. Ukasankha cholakwika, umapha munthu."

Manambala a zitsulozo anawaloweza monga anzake amalowezera nyimbo za m'buku. Ine ndinkangoti "eya, eya" uku ndikusenda mbatata. Ndinkamukonda munthu ameneyu, ndi zitsulo zake zomwe.

Vuto linali limodzi: nyumba yathu inali zii. Zaka zinkangopita, mimba osaoneka. Dyton sankandinena, koma mchemwali wake, alamu anga a Jane, ankalankhula m'malo mwa mtundu wonse. "Achimwene akudyetsa nkhuku yosaikira," ankauza anthu kuchigayo, ndipo mawu a kuchigayo safuna kabaza kuti akufike pakhomo. Ndinkakhala ndi mantha amodzi, akuti tsiku lina Dyton adzatopa n'kukafuna mwana kwina, banja langa n'kuthera pomwepo.

2

Loweruka lililonse Dyton ankakwera minibasi kupita ku Lirangwe kukagulitsa tizidutswa ta zitsulo kwa anthu opanga mapoto. Abwana ake ankamulola kutola zotayidwa. Kale ankabwerako dzuwa lili paliwombo. Chaka chija mafuta anasowa m'dziko muno, anayamba kubwerako dzuwa litapendeka, kenako nkhuku zikulowa.

"Maminibasi akuvuta, mafuta kulibe," ankatero, maso ali kumbali.

"Loweruka likubwerali ndipita nanu, ndikagule tomato. Akuti kumeneko ndi wotchipa."

"Mukavutikiranji? Ndidzakugulirani ine."

Tomato anabwera nayedi, dengu lathunthu, wokwanira maliro. Koma kodi kusowa kwa mafuta n'kumene kumachititsa mwamuna kugula loko watsopano wa kashedi kake? Kashedi kameneko, kuseri kwa nyumba, kanali kosatseka chikhalire. Tsopano akaweruka ankalowamo n'kudzitsekera, ine n'kumangomva tupa ikulira pa chitsulo. Tsiku lina ndikuchapa ndinapeza m'thumba la buluku lake kachingwe kokhala ndi mfundo zingapo, ndi maswiti. Dyton sadya maswiti.

Ndinadikira mpaka tsiku limene anaiwala kiyi m'ovolosi. Nditatsegula, ndinapeza pa tebulo pali zinthu zofunditsidwa ndi chiguduli. Zinali zitsulo zazitali ngati mkono wanga, zopyapyala, zowala, zopindidwa mwaluso, zokhala ndi mahinjesi pakati ndi malamba achikopa. M'mbali mwake munkaonekabe manambala a inki, 6061. Kumunsi kwake anamangirirako tinsapato takuda ta kusukulu, tatsopano, ta mwana wamkazi.

Ndinakhala pansi, pa fumbi la zitsulo pomwepo. Mwamuna amene sanandigulirepo nsapato popanda kumukumbutsa anali atayeza mwendo wa mwana wa munthu wina ndi chingwe, mfundo ndi mfundo. Mtima unandiwawa, osati pang'ono. Kiyi uja sindinabweze. Dyton anaganiza kuti anataya, n'kumatsegulira wapadera.

3

Apa ndiyenera kukuuzani chinthu chimene sindinamuuzepo Dyton. Alamu anga ankanditcha chumba, koma ine ndinaberekapo.

Ndili Fomu 2 kwathu ku Madziabango, mnyamata wina anandipatsa mimba n'kuthawira ku Joni. Bambo anga, malemu a Smart, anali mkulu wa mpingo, mayi anga mtsogoleri wa amayi kutchalitchi komweko. Ananditsekera m'nyumba, anthu n'kumauzidwa kuti ndili kwa azakhali ku Limbe. Tsiku langa litakwana sanapite nane kuchipatala, kuopa maso a anthu. Anaitana azamba a m'mudzimo, a Nellie, mayi wamasiye wosalankhulalankhula. Ndinataya magazi ambiri mpaka ndinakomoka.

Nditatsitsimuka ndinapeza mayi anga atakhala pambali panga, m'chipinda mwakolopedwa kale.

"Mwana ali kuti, mayi?"

"Anali mtayo. Anabadwa wakufa. Akamuika kale."

Kwathu mtayo sakhala ndi maliro. Amakamuika amayi akuluakulu okhaokha, mwakachetechete, ndipo make saonetsedwa manda.

"Usalire," anandiuza mayi. "Ukalirira mtayo sudzaberekanso. Ndipo nkhaniyi yathera m'chipinda muno. Ngakhale mwamuna amene adzakukwatire asadzaimve."

Ndinameza misozi monga anandiuzira. Ndinabwerera kusukulu, a Nellie anasamuka m'mudzimo, moyo unapitirira. Pamene a Jane ankandinyoza, yankho linkafika pakamwa, koma ndikanaliyamba bwanji? Ndinkangodzifunsa chamumtima kuti, nanga poti sindinalire, Mulungu ananditsekeranji?

4

Sabata yomwe ndinapeza tinsapatoyo, mayi anga anabwera kudzationa, atasenza nandolo ndi chinangwa. Dyton atapita kuntchito ndinawakokera m'kashedi muja n'kuvundukula chiguduli.

"Taonani, mayi, zimene akupanga mkamwini wanu."

Anazinyamula, anazitembenuza uku ndi uku. "Izi ndi zoyendera mwana wopunduka miyendo. Akupangira ndani?"

"Ndidziwa bwanji ine? Loweruka lililonse ali ku Lirangwe."

"Kuti?"

"Ku Lirangwe."

Mayi anakhala pa chidebe chimene chinali pakona. Milomo inawauma, nkhope inachita kutuwa. Ine ndinati n'chisoni chomvera mwana wawo, ndipo mphindi imeneyo ndinawakonda kwambiri.

"Ali ndi mkazi kumeneko," anatero potsiriza. "Wabereka naye mwana. Usalole, mwana wanga. Ku Lirangwe asapondekonso. Iwenso usadzayerekeze kumulondola, ukakumana ndi zosaona."

"Ndimufunse kaye, mayi."

"Ufunse chani? Mwamuna anavomerapo liti? Zinthu za mwana wa mkazi mnzako zili pakhomo pako, iwe n'kumadabwa kuti mimba sikubwera? Zimenezi zichoke lero lomwe."

Mayi anga si munthu wa zikhulupiriro zotere, kutchalitchi amachita kudzudzula nazo anzawo. Zikanandidabwitsa. Koma munthu wa nsanje sasankha mawu, amangotola amene akumukanda poyabwa. Anamasula tinsapato, anakulunga zitsulozo m'chitenje, iwo patsogolo ine pambuyo, ulendo wa kumsika.

5

Kuseri kwa msika wa Chileka kuli a Useni, opanga mapoto. Ali ndi ng'anjo ya makala, mphika wachitsulo wosungunuliramo, mabokosi a mchenga oumbiramo, ndi gudumu la njinga lopukusa kuti mphepo ikoleze moto. Anamasula chitenje, anatenga chitsulo chimodzi n'kuchiyesa pa bondo. Chinangogonja pang'ono n'kubwerera mwakale.

"Amayi, izi mwazitenga kuti? Ichi si chitsulo cha poto."

"Ife tikufuna poto," anatero mayi.

"Poto amafuna mapisitoni, zigoba za injini, zimene zimayenda bwino mumchenga. Ichi n'chonyamula thupi la munthu. Mphamvu yake anachipatsa kufakitale, kunja uko. Chikangolowa pamoto mphamvuyo yapita, palibe angaibweze kuno. Ndipo poto wake atuluka wong'aluka. Amene anapanga izi anakhalira pansi, taonani mahinjesiwa. Kazibwezeni kwa mwini wake."

"Mwini wake ndi uyu," mayi analoza ine. "Inu ntchito yanu n'kusungunula kapena kulalikira?"

A Useni anandiyang'ana, kudikira kuti ndinene kanthu. Ndinaganiza za tinsapato tija, za maswiti, za a Jane akuseka kuchigayo.

"Sungunulani," ndinatero.

Anachotsa malamba, anadula zitsulozo ndi sowo, anaziponya mumphika. Popeza anali okha, gudumu ndinapukusa ndine, mayi ataima pambali panga. Sindikubisirani, ndinapukusa ndi mphamvu zanga zonse, ndipo pamene zitsulozo zinkafooka n'kusanduka madzi owala, mtima wanga unkamva kukoma. Ndinkati ndikuwotcha mkazi mnzanga.

Poto atazizira a Useni anaphwanya mchenga. Anatuluka ndi mng'alu kuchokera kukamwa mpaka kutako. Anangondipatsira n'kutembenukira ku makala awo.

6

Dyton anafika madzulo n'kulunjika kukashedi monga mwa masiku onse. Sipanatenge nthawi, anatulukira pakhomo la khitchini, chiguduli chili m'manja.

"Maness, zili kuti?"

Ndinatenga poto uja n'kumuika patsogolo pake, tinsapato tili m'kati. "Izo. Mukam'patse mkazi wanu wa ku Lirangwe aziphikiramo."

Ndinkayembekezera kuti akalipa, mwinanso kundimenya koyamba. Ananyamula potoyo, anayendetsa chala mumng'alu, kenako anakhala pakhonde ngati munthu amene wangouzidwa za maliro.

"Mukudziwa chimene mwachita? Zimenezi zinali zomaliza. Zinatsala pa ntchito ina, ndinachita kuwagwadira abwana kuti andipatse. Panopa kampani sikuitanitsanso zitsulo, ndalama zakunja kulibe. Ndinayesa cha mapiko, chinang'aluka popinda. Cha m'mawindo a nyumba n'chofewa, sichinganyamule mwana. Choyenera chinali chimenechi basi, chopepuka, chomvera popinda, chosaopa thukuta."

"Mpaka pano mukundiuzabe za zitsulo? Mwanayo ndi wa ndani, Dyton?"

Anayang'ana mayi anga, amene anali ataima pakhomo la chipinda cha alendo. Anawayang'ana nthawi yaitali, chinthu chimene mkamwini sachita kwa apongozi ake, mpaka mayi anapsa mtima.

"Musandiyang'ane ine, bambo. Yankhani mkazi wanu. Maness, longedza katundu, mawa tizipita ku Madziabango. Palibe chokambirana ndi munthu wachimasomaso."

"Iyayi, mayi," ndinatero. "Sindichoka choncho. Ukwatiwu unamangidwa ndi ankhoswe, uthanso ndi ankhoswe. Akanene pamaso pawo."

Mayi anayesetsa kundiletsa, ati n'kudziyalutsa, ati zoterezi mkazi wanzeru amangochoka mwakachetechete. Masiku otsatirawo sanasiye kundinong'oneza, pochapa, posinja, paliponse. Koma ine ndinkafuna a Jane amve ndi makutu awo kuti mchimwene wawo ndi munthu wotani. Dyton ankadya chakudya chake mwakachetechete, ndipo Loweruka anapitanso ku Lirangwe, osatsanzika.

7

Anasonkhana Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Kumbali yanga kunali amalume anga a Potiphar, mlongo wawo wa mayi. Kumbali ya Dyton kunali amalume ake a Christmas. A Jane anabwera osaitanidwa, atavala chitenje chatsopano. Ndinafotokoza zonse, n'kuika poto ndi tinsapato pakati pa mphasa.

"Bambo Dyton, mwamva," anatero a Potiphar. "Mwana alipo kapena palibe?"

"Alipo. Dzina lake ndi Tawina."

A Jane anaomba m'manja kamodzi. "Ndinkanena ine! Kwathu kulibe gojo."

Dyton anadzuka. "Dikirani, achemwali. Ndaitana munthu woti alankhule. Ine ndekha simungandikhulupirire."

Anapita kumsewu n'kubwerako akutsogolera mayi wachikulire amene anali atangotsika pa kabaza. Tsitsi linali litayera, msana utawerama, koma ndinawazindikira asanakhale n'komwe pansi. Anali a Nellie, azamba aja. Mayi anga anadzuka, ati akatunge madzi a alendo. A Potiphar anawagwira chitenje.

"Madzi alipo, achemwali. Khalani pansi."

A Nellie analankhula akuyang'ana ine ndekha.

"Maness, mwana wako sanali mtayo. Analira, ndinamumva ndi makutu angawa. Koma anabadwa mapazi atapindikira m'kati. Amayi akowa atamuona anati, 'Mimba ya pasukulu, mwana wakenso wopunduka, tikalowa bwanji m'tchalitchi? Mutengeni mupite naye kutali.' Ine ndinalibe wanga. Ndinam'fungatira n'kupita naye kwathu ku Lirangwe. Kumanda amayi akowa anakakwirira nsanza."

Sindikumbuka ngati ndinakuwa kapena ayi. Chimene ndimakumbuka n'chakuti nkhuku inadutsa pamphasa n'kujompha m'poto muja, palibe anaipirikitsa.

Zotsalazo anafotokoza Dyton. Tawina ali wamng'ono anamuchita opaleshoni kuchipatala n'kumupatsa zitsulo zoyendera. Atakula zinamuchepera, ndipo kuchipatalako anati zipangizo zatha, adikire. A Nellie anapita kwa wopanga mapoto wina pa Lirangwe, amene anawaumbira zina ndi chitsulo cha mapisitoni, chokhacho chimene anali nacho. Zinathyoka mwanayo akutsika chitunda popita kusukulu, chidutswa n'kumubaya pa katumba. Dyton anapeza a Nellie pamsika atanyamula zidutswazo, akupempha kuti wina azilumikize. Anawauza kuti chitsulocho n'cholakwika, chidzathyokanso, ndipo analonjeza kuwapangira zina. Tsiku loyeza miyendo, m'kucheza, a Nellie anamufunsa kumene anakwatira. Atatchula Madziabango, kwa a Smart, mayi wachikulireyo anayamba kulira.

Ndinatembenukira kwa mayi anga. "Munadziwa. M'kashedi muja, nditangoti Lirangwe, munadziwa."

"Ndinachitira iwe," anatero, osagwetsa nkhope. "Bambo ako akanawachotsa pa ukulu. Iwe ukanakwatiwa ndi ndani, ndi mwana wokwawa kumbuyo? Sukulu unamaliza, banja unapeza. Umafuna chani china?"

"Munandipukusitsa gudumu, mayi. Munaima pompo mukundionerera."

Anangokonza mpango wawo kumutu.

Mkwiyo wanga unatembenukira kwa Dyton. "Nanga inu? Miyezi yonseyi mumadya nane mbale imodzi mukudziwa kuti mwana wanga ali moyo?"

"Ndinkadziuza kuti ndimalize kaye zitsulo, adzabwere kwa inu akuyenda yekha," anatero motsitsa mawu. "Koma pamaso pa akuluakuluwa sindinama. Zinandiwawa kuti simunandiuze. Ndiponso ndinkaopa, Maness. Anthu akadziwa kuti inu munaberekapo, chala chiloza ndani m'nyumba muno?"

A Jane, amene pakamwa pawo sipazizira, anapeza ntchito yotolatola timiyala m'mphepete mwa mphasa. A Christmas anakhosomola nati mlandu umene anaitanidwira sakuuona, umene akuuona ndi wa ku Madziabango. Mayi anga ananyamula chikwama chawo n'kuuyamba wa kumsewu, ndipo palibe anawaperekeza.

8

A Nellie anagona kwathu, ndipo m'mawa mwake ndinapita nawo ku Lirangwe. Dyton anafuna kutiperekeza, ndinakana. M'minibasi anandipempha kuti ndisamuuze mwanayo tsiku lomwelo.

"Amadziwa kuti mayi ake ndine. Tim'patse pang'onopang'ono, angatsamwe nazo."

Tinatsika pamsika n'kuyenda m'minda ya chimanga chouma mpaka pa kanyumba ka udzu. Pakhonde panali mtsikana atakhala pa chiguduli, akusankha nyemba m'lichero, buku la kusukulu lili pambali. Miyendo yake inali yowonda, pa katumba pali chipsera chachikulu. Atakweza nkhope ndinaona mphumi ya bambo anga, ndi mpata wa m'mano wofanana ndi wanga. Ndinagwira mzati wa khonde.

"Tawina, lonjera alendo. Awa ndi akazi awo a ankolo a Dyton."

Anaomba m'manja mwaulemu. "Muli bwanji, anti? Ankolo amakutchulani nthawi zonse. Amati akamakuuzani za zitsulo mumangoti eya, eya." Anaseka, kenako anasuzumira thumba limene ndinanyamula. "Mwabwera nayo miyendo yanga? Anati yatsala pang'ono. Mayeso ayandikira, aphunzitsi akuti ndikapanda kubwera ndibwereza kalasi."

M'thumbamo munali shuga, sopo ndi tinsapato tija. Ndinatitulutsa, popeza ndinalibe china chomupatsa. Analandira ndi manja awiri, n'kununkhiza chikopa chatsopanocho.

"Nanga zitsulo zake?"

"Zinaonongeka," ndinatero. Mawuwo anatuluka ngati si anga.

Nkhope yake inagwa, koma sanalire. Anangoika tinsapato pamiyendo pake n'kumatipukuta ndi siketi, ngakhale tinalibe fumbi.

"Anaziononga ndani, anti?"

A Nellie analowetsapo nkhani ina msangamsanga, ya mbuzi za anansi zimene zinadya mbatata. Ine ndinatenga lichero n'kuyamba kusankha nyemba, koma sindinkaziona.

9

Owerenga anzanga, apa ndi pamene ndaima. Banja silinathe, ankhoswe anatibweza m'nyumba, koma sindinganene kuti lili bwino. Dyton ndi ine timalankhulana mosamala ngati anthu onyamula mazira. Iye ali ndi chilonda chake, ine changa, ndipo aliyense amadziwa kuti mnzake anam'bisira. Kakampani kaja kanachepetsa antchito, tsopano ali pakhomo. Amazungulira malo ogulitsa zitsulo zakale ku Ndirande ndi ku Limbe, kufunafuna chitsulo choyenera. Ambiri amamuuza kuti angotenga chilichonse, aluminiyamu ndi aluminiyamu. Iye amakana, akuti chipsera chimodzi chamukwana mwanayo. Mayeso aja anamupita Tawina, abwereza kalasi.

Mayi anga amatumiza uthenga kudzera mwa amalume, ati mayi ndi mayi, ndiwakhululukire. Kutchalitchi akutsogolerabe amayi anzawo. Ine sindinapondekonso ku Madziabango. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. A mayi anga anagonera zaka zonsezi, ndipo ndalawa mmene amawawira.

Inu makolo amene mukubisira mwana wanu kanthu n'kumati mukumuteteza, dziwani kuti tsiku lina adzavulaza wake ndi manja ake, osadziwa, inu mukuonerera. Inu akazi anzanga, mukapeza chachilendo m'nyumba, funsani mpaka muyankhidwe musanakoleze moto. Madzi akatayika saoleka.

Masiku ano sindisowa ku Lirangwe. Ndimamuluka tsitsi Tawina, ndimam'bereka kupita naye kumsika, iye n'kumaseka kuti anti ali ndi msana wabwino. A Nellie akuti nthawi yomuuza yakwana. Kumuuza kuti ndine mayi ake ndikhoza, mawu ake ndinawakonza kale. Koma mwanayo ali ndi mutu wogwira, saiwala. Ulendo wathawu, ndili naye kumsana, anandinong'oneza m'khutu kuti akadzamudziwa munthu amene anaononga miyendo yake sadzamulankhula mpaka kufa. Kenako anandifunsa ngati ndikumudziwa munthuyo.

Ndinamuuza kuti ndidzamuyankha ndikadzabweranso. Ndithandizeni, abale anga, ndiyambe kumuuza chiti?